Nambala 40117

Ku Tallinn dzuwa limaweruka msanga mu Januwale,
khofi wamasana asanazizire n'komwe.
Ine ndimatsala ndi kuwala kwa kompyuta
pansanjika yachinayi, moyang'anana ndi njanji ya ku Kopli,
kuwerenga mapazi a anthu amene sindinawaonepo.

Uyu walowa, wadina, waima masekondi asanu ndi atatu, wapita.
Uyo wabwera katatu sabata ino, ndalemba kuti watikonda.
Timagulitsa pulogalamu yolembera malisiti
kwa okonza njinga, ometa tsitsi, osoka nsapato:
masabata awiri aulere,
kenako mayuro makumi awiri mwezi ndi mwezi,
khadi la kubanki likudontha lokha usiku.

Mwa anthu chikwi olawa,
olipira ndi makumi atatu ndi mmodzi.
Enawo amadutsa m'sefa yathu ngati madzi.
Ülle, bwana wathu, akufuna makumi anayi Isitala isanafike.
Ndiye batani lobiriwira tinalisandutsa lachikasu,
ena aone ili, ena aone ilo,
ife phee, ngati owedza pabowo la nyanja youma ndi chisanu,
maso pa chingwe.
Chinagwedezeka pang'ono. Tinagula keke.

Kenako panabwera 40117.
Lachiwiri usiku anadina maulendo makumi asanu osapuma.
Lachitatu anabweranso. Lachinayi mpaka tambala woyamba,
tsamba ndi tsamba, ngakhale ngodya zimene ena sapondako.
Mzere wake unaima njo ngati nsanja ya tchalitchi cha Oleviste.
Ndinamuika pamwamba pa lipoti ndi inki yofiira.
Ülle anati: muimbire foni, atiuze chimene chamukoka,
tichithire m'mabotolo.

Anayankha pa kulira kwachisanu ndi chimodzi.
Endel Kõrgesaar, wa ku Pärnu,
zaka makumi anayi akuwongola mawilo a njinga.
Shopu anatseka mu Novembala, manja anayamba kunjenjemera,
sipoko yamuthawa m'zala.
Ndinamufunsa chimene amakonda kwambiri pa pulogalamu yathu.
Anakhosomola, n'kuseka kaseko kopanda mano.
Mwanawe, anatero, ine ndikufuna chitseko.
Usiku wachitatu uno ndikupapasa khoma.

Chitsekocho ndinachisuntha ndine.
Mwezi wa Malichi, masamba atatu pansi,
timalemba totuwa ngati phulusa, kuseri kwa mawu akuti zina ndi zina.
Ochoka anachepa mwezi umenewo.
Anandiombera m'manja. Jekete ndavalali ndi la bonasi yake.

Tinayenda limodzi pafoni, iye ndi ine.
Dinani apo, bambo. Tsikani. Ayi, musavomere kuchotseredwa mtengo.
Tsikaninso.
Pagalasi langa mzere wake unkakwerabe,
kudina kulikonse kukuwerengedwa ngati chikondi.
Pakhomo penipeni tinatcherapo funso:
mukuchokeranji?
Mayankho asanu, ndinawalemba ndekha:
zadula, ndapeza kwina, sindikuimvetsa,
ndi ena awiri amene ndaiwala.
La manja onjenjemera palibe.
Anasankha lomalizira, n'kundithokoza,
kundithokoza ine,
ngati ndamuwolotsa mtsinje umene sindinaukumbe.

Lachisanu lipoti linatuluka.
Ochoka: kuwonjezereka ndi mmodzi.
Kugwiritsa ntchito: kukwera kuposa sabata iliyonse chaka chino.
Ülle anajambula nyenyezi pambali pa nambala yachiwiriyo.
Ndinatsegula pakamwa. Tõnis anali atayamba kale kudula keke ina.

Madzulo ano pa siteji ya thiramu
chipale chofewa chagwa chatsopano,
ndipo wina wapondaponda pamenepa ndisanafike,
kuzungulira, kubwerera, kuzunguliranso,
nsapato yaikulu yakutha chidendene chakumanzere.
Ndawerenga mapazi makumi atatu ndi anayi.
Chizolowezi sichiweruka.
Koma ngati ankavina, ngati ankathawa kuzizira,
ngati anagwetsa kiyi wa nyumba,
chipalecho sichikunena,
ndipo thiramu yanga yachedwa.